Mdima sufunsa zaka za galimoto

Galimoto zamgonagona zabwereranso m'fasho. Pa Facebook ndi TikTok mukuona achinyamata akujambulitsa atatsamira Peugeot 404 ya agogo awo, akwati akutsika mu Mercedes-Benz ya m'ma 1970, oimba akuvinira pambali pa Land Rover yakale m'mavidiyo awo. Ena sakuzifunira zithunzi ayi. Kwa iwo Nissan 1400 kapena Hilux yokalamba ndiyo khasu lawo: imanyamula tomato, simenti ndi matumba a chimanga pakati pa Chileka, Lunzu ndi Lirangwe.

Penti yatsopano ilipo, matayala akunyezimira, sipika zikugunda. Koma tafunsani mwini wake kuti nyali zake zimaona mamita angati usiku. Yankho limangokhala loti zimayaka, zili bho. Chonsecho kuyaka ndi kuona ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo anthu amafera pakati pa ziwirizi.

Nkhaniyi si ya mabwana osunga galimoto zakale ngati zokongoletsera pakhomo okha. Dziko lathu limadalira galimoto zogwiritsidwa kale ntchito, zambiri zochokera ku Japan, ndipo imene inafika kuno ili ndi zaka 10 imakwanitsa zaka 25 ikadali pamsewu. Ndiye tikamati galimoto yakale, tikunena Volkswagen ya 1965 imene imatuluka pa ukwati pokha, komanso Hiace imene mwakwera m'mawa uno popita kuntchito.

Msewu umene sugona

Ukafika pa Kameza kuchokera m'tauni ya Blantyre, msewu umagawikana. Wina umalowera ku bwalo la ndege la Chileka. Wina umapitirira ku Lunzu, Matindi, Lirangwe ndi Mdeka mpaka pa mlatho wa Shire ku Zalewa. Wachiwiriwu ndi M1, umene ambiri timangoti msewu wa Zalewa. Mabasi a ku Lilongwe amadutsa momwemo. Mathiraki ochokera ku Beira, Harare ndi Johannesburg, amene amalowa m'dziko muno kudzera ku Tete ndi chipata cha Mwanza, amadutsanso momwemo, usana ndi usiku.

Koma msewu womwewu ndi njira ya kumudzi. M'mbali mwake muli amayi ochokera kumsika atasenza madengu, ana ochokera kuchigayo, akabaza a njinga zamoto ndi zakapalasa, ngolo, mbuzi, komanso bambo amene wachedwa pamowa ndipo mapazi sakumumvera. Muli anyamata okankha njinga zosenza matumba a makala otalika kuposa iwo eni, amene ambiri amayenda usiku kapena m'bandakucha. Ochuluka mwa anthu amenewa alibe nyali, alibe chonyezimira chilichonse. Ukangotuluka m'tauni, nyali za mumsewu n'zowerengeka. Chimene chimasiyanitsa moyo ndi maliro kumeneko ndi nyali za galimoto yanu basi.

Ndipo kuno kwathu dzuwa silichedwa kutsanzika. M'mwezi wa June ku Blantyre limalowa isanakwane 5:30 madzulo. Ngakhale mu January, pamene masana amatalika, silifika 6:30. Chisisira chathunso n'chachifupi: pakangotha theka la ola dzuwa litalowa, kwada. Izi zikutanthauza kuti nthawi imene anthu akuweruka, misika ikutsekedwa, maminibasi akulimbirana ulendo womaliza, ndi nthawi yomweyo imene mdima ukugwa. Simufunika kukhala munthu woyenda pakati pa usiku kuti nkhani ya nyali ikukhudzeni.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, mu lipoti lake la 2023, linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse. Linatinso ngozizi ndizo zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka zapakati pa 5 ndi 29, ndipo oposa theka la omwalirawo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Werenganinso zakazo. Ndi ifeyo, amsinkhu wathu.

Lamulo likuti chiyani?

Lamulo lalikulu la zapamsewu m'dziko muno ndi Road Traffic Act ya 1997, pamodzi ndi malamulo ang'onoang'ono amene ali pansi pake, ofotokoza zida zimene galimoto iyenera kukhala nazo. Nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene tonse timangoti ku Road Traffic, ndiyo imayang'anira zoyeza galimoto ndi kupereka COF, chiphaso chotsimikizira kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Apolisi a tirafiki ndiwo amagwira olakwa.

Zofunika pa nyali si zachilendo. Kutsogolo kukhale nyali ziwiri zikuluzikulu zotha kuchita dimu ndi fulu, zonse zikuyaka. Kumbuyo kukhale nyali zofiira, nyali za mabuleki, ndi kanyali kowunikira nambala. Maindiketa agwire ntchito mbali zonse. Marifulekita akhalepo, ofiira kumbuyo. Mtundu wa nyali si nkhani ya kukonda kwanu: kutsogolo kuwala koyera kapena kwachikasu, kumbuyo kofiira. Nyali za buluu zothwanima ndi za apolisi, osati za mnyamata wofuna kuti Corolla yake izioneka ngati disiko. Nthawi yoyatsa ndi dzuwa likangolowa mpaka litatuluka, komanso nthawi ina iliyonse imene kutsogolo sikukuoneka bwino, kaya ndi mvula yamphamvu, nkhungu ya chiperoni, fumbi, kapena utsi wa moto wa m'tchire umene umakuta msewu m'chilimwe.

Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amakagwira ntchito ndi kugula galimoto, malamulo anaika manambala amene ndi bwino dalaivala aliyense awasunge m'mutu. Fulu iyenera kukuonetsa munthu kapena chinthu chimene chili pa mamita 100. Dimu iyenera kukuonetsa pa mamita 45 popanda kuthobwa m'maso amene akubwera kutsogolo. Ndipo ngakhale masana, ngati sungathe kuona bwino munthu kapena galimoto pa mamita 150, uyatse nyali.

Nanga galimoto zamgonagona sizikhululukidwa? Funsoli limabwera kawirikawiri, makamaka kwa amene amaonera mavidiyo a ku Britain. N'zoona kuti kumeneko lamulo limafewera galimoto zina. Imene inayamba kuyenda chaka cha 1936 chisanafike siikakamizidwa kukhala ndi maindiketa kapena nyali za mabuleki, ndipo ya chisanafike chaka cha 1931 siikakamizidwa kukhala ndi nyali zikuluzikulu zakutsogolo. Kuyambira mu 2018, galimoto zambiri zopitirira zaka 40 sizikakamizidwanso kukayezedwa chaka ndi chaka. Koma ngakhale kumeneko, mwini wake amakhalabe ndi udindo woonetsetsa kuti galimoto ili bwino, ndipo yopanda nyali zoonetsa kuti ilipo imayenda masana okha.

Tsono taonani zaka zimenezo: 1931, 1936. Galimoto za msinkhu umenewo kwathu kuno malo ake ndi ngati ku Museum ya ku Chichiri, kumene mitu ya sitima ndi galimoto zakale zinaima kalekale. Zimene timatcha zamgonagona m'misewu yathu ndi za m'ma 1960 kubwera kuno. Peugeot 404 inkapangidwabe ku Kenya mpaka 1991. Nissan 1400 inasiya kupangidwa ku South Africa mu 2008. Zonsezi zinatuluka m'fakitale zili ndi dimu, fulu, nyali zofiira ndi za mabuleki. Ngati lero sizikuyaka, vuto si ukalamba. Vuto ndi mwini wake.

Masamu a mamita 45

Tiyeni tiwerengere limodzi, musathawe, ndi masamu a ku pulayimale.

Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi imodzi. Tiyerekeze kuti dalaivala, usiku atatopa, watenga sekondi imodzi ndi theka kuti maso aone, mutu uzindikire kuti chakudacho ndi munthu, phazi n'kufika pa buleki. Apo mamita 33 apita kale. Mabuleki abwino pamsewu wa tala wouma amafuna mamita ena pafupifupi 36 kuti galimoto iime. Zonse pamodzi ndi mamita pafupifupi 70.

Dimu yabwinobwino ikukuonetsani mamita 45. Mwaliona vuto? Pa 80 muli pa dimu, munthu amene mwamuona kumapeto kwa kuwala kwanu mumugunda musanaime. Mukatsika kufika pa 60, masamu omwewo amapereka mamita 25 oganiza ndi 20 a mabuleki, kukwana 45 ndendende. Mukakwera kufika pa 100, mukufunika mamita pafupifupi 100, amene ndi fulu yokha ingakupatseni.

Kumbukirani kuti apa tikunena galimoto ya nyali zabwino, mabuleki abwino, matayala abwino, msewu wouma. Nanga chiphapha cha mabuleki a dilamu, matayala osalala ngati mutu wa dazi, chitasenza matumba 15, nyali zake zikuwala ngati koloboyi? Mwina chikuona mamita 25 okha. Dalaivala wa galimoto yotereyi akamathamanga 80 potsetsereka kulowera ku Lirangwe, ndiye kuti akuyendetsa ndi chikhulupiriro, osati maso.

Mfundo yake ndi imodzi: liwiro lanu usiku silichokera pa mphamvu ya injini kapena pa chikwangwani chokha. Limachokera pa mtunda umene nyali zanu zikuona. Muzitha kuima mkati mwa kuwala kwanu.

N'chifukwa chiyani nyali zakale zimafooka?

Choyamba, zina zinabadwa zofooka. Mababu a halogen anayamba kugwiritsidwa ntchito pa galimoto ku Ulaya mu 1962, ndipo babu la H4, lija lokhala ndi dimu ndi fulu pamodzi limene ladzaza m'mashopu a sipeya ku Limbe, linabwera mu 1971. Galimoto zambiri za m'mbuyo mwa apo zinkagwiritsa ntchito mababu wamba a mawati 45 pa fulu ndi 40 pa dimu, pamene H4 ndi 60 ndi 55, ndipo kuwala kwake n'koyera kwambiri. Volkswagen Beetle, ija yooneka ngati chikumbu, inkayendera magetsi a mavoti 6 mpaka cha m'ma 1967 pamene inayamba kusamukira ku 12. Morris Minor inalibe maindiketa othwanima mpaka 1961: inali ndi timikono totuluka m'mbali, timene dalaivala wa thiraki wa lero sangatione n'komwe. Ngakhale Land Rover inasintha nkhope chifukwa cha nyali. Zoyambirira zinali ndi nyali zoyandikana pakati, ndipo cha m'ma 1969 kampani inazisunthira m'mbali kuti zigwirizane ndi malamulo a m'mayiko osiyanasiyana.

Chachiwiri ndi chotchajira batire. Galimoto zambiri zakale zinali ndi dayinamo m'malo mwa otoneta. Dayinamo imatchaja bwino injini ikamathamanga, koma ikamangoti phaphapha pamzere wa galimoto pa Lunzu, mphamvu imachepa ndipo nyali zimayamba kufiira.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, ndi mawaya. Waya wa zaka 40 wadutsa m'manja mwa amakaniko ambiri, aliyense kudula, kupotokola, kukulunga ndi pulasitiki. Polumikizira pachita dzimbiri. Waya wa ethi, uja womangidwa ku chitsulo cha galimoto, wagwira ndi tsitsi limodzi. Babu la kawaya kotentha silikhululuka pa zimenezi: magetsi akachepa ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kuwala kumatsika ndi pafupifupi magawo atatu mwa 10. Babu likuyaka ndithu, wapolisi pa rodibuloko aona kuti likuyaka, koma msewu sukuoneka.

Chachinayi ndi mbale yonyezimira ya mkati mwa nyali. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa kuwala kwa babu n'kukuponya kutsogolo. Madzi akalowa, imachita dzimbiri kapena kusuluka. Pa galimoto za m'ma 1990 ndi 2000 vuto limakhala pa chivindikiro cha pulasitiki chimene dzuwa limachiwotcha mpaka kuchita chikasu ngati chadwala ng'ala.

Chachisanu ndi kaloza. Nyali ya dimu inapangidwa kuti iziloza pansi pang'ono, komanso kuti mbali yakumanzere izikwera kuti iwunikire oyenda pansi ndi zikwangwani, popeza ife timayenda kumanzere. Galimoto za ku Japan, Britain ndi South Africa zimagwirizana ndi zimenezi chifukwa nakonso amayenda kumanzere. Koma nyali yochotsedwa pa galimoto ya ku America kapena Germany imakwezera kuwala kumanja, kumene kuli maso a amene mukukumana naye. Pogula nyali ya kaunjika, funsani kumene inachokera. Safunsa anadya phula.

LED: mankhwala amene akudwalitsa ena

Achinyamata ambiri akaona kuti nyali zafooka, amathamangira kukagula mababu a LED. Ndi otchipa, amawala mbee, ndipo pachithunzi amaoneka bwino. Ena amawonjezera chinyali chachitali chija pamwamba pa bampala. Mwini galimoto amasangalala kuti tsopano usiku wasanduka usana. Funsani amene akukumana naye.

Vuto lili apa. Mbale yonyezimira ya nyali yakale inapangidwa moyeza kawaya kakang'ono ka m'babu, kamene kamakhala pamalo amodzi enieni. Babu la LED limatulutsa kuwala kuchokera pa timabwalo tathyathyathya timene nthawi zambiri sitikhala pamalo amenewo. Zotsatira zake, kuwala kumamwazikana. Kwina kumagwera pafupi ndi bampala, n'kumakunamizani kuti mukuona kwambiri. Kwina kumakwera m'mwamba, molunjika m'maso mwa dalaivala wa minibasi imene yanyamula anthu 16. Kutali kuja, kumene mukufunika kuona, nthawi zina sikusintha n'komwe. Galimoto zamakono zobadwa ndi LED sizichita zimenezi chifukwa nyali yonse inapangidwira babu lotero.

Ku Britain nkhaniyi inafika mpaka m'malamulo oyezera galimoto. Kuyambira mu 2021, galimoto imene nyali zake za halogen zaikidwa mababu a LED imalephera mayeso, kupatula zimene zinayamba kuyenda pa 1 April 1986 pasanafike, ndipo ngakhale zimenezo kuwala kwake kuyenera kuloza moyenera.

Diso la munthu likathobwa limatenga masekondi angapo kuti lizolowerenso mdima, ndipo kwa achikulire limatenga nthawi yotalikirapo. Tinene kuti masekondi atatu. Pa makilomita 80 pa ola, amenewo ndi mamita 66 oyenda osaona kanthu. Ndipo munthu wothobwa amachita chiyani? Amathawira kumanzere, kumphepete kwa msewu, kumene kuli wa njinga ya makala uja. Amene wayambitsa ngoziyo amapitirira ulendo wake osadziwa n'komwe, nyimbo zili m'mwamba.

Palinso khalidwe lija lobwezerana. Wina wakana kudima, iwenso n'kumuyatsira fulu kuti amve kuwawa. Zikatero pamsewu pali akhungu awiri othamangitsana ndi matani a chitsulo. Muphethireni kamodzi kumukumbutsa. Akakana, chepetsani liwiro, maso anu ayang'ane m'mphepete mwa msewu kumanzere, mumusiye adutse. Kudima n'kofunikanso mukamatsatira mnzanu kumbuyo, chifukwa fulu yanu imamulasa kudzera m'magalasi ake.

Diso limodzi ndi msana wakuda

Aliyense woyenda usiku pakati pa Kameza ndi Chileka anakumanapo ndi galimoto ya diso limodzi. Zimaoneka ngati nthabwala, koma taganizirani bwino. Ngati nyali yakufa ndi yakumanja, imene yatsala ili kumphepete kwa msewu. Amene akubwera kutsogolo amaona ngati ndi njinga yamoto imene yapatuka bwinobwino, osadziwa kuti thupi lonse la galimoto lili chapakati, mumdima. Akaganiza zopitirira mnzake pamenepo, ndi maliro.

Kumbuyo ndiye kumaiwalika kwambiri, chifukwa dalaivala sakuonako. Galimoto yakale imayenda pang'onopang'ono, makamaka pokwera kuchokera ku Zalewa kubwera ku Blantyre itasenza katundu. Kumbuyo kwake kukubwera basi yothamanga. Ngati nyali zofiira zafa, kapena zakutidwa ndi matope, kapena lona ndi matumba zaziphimba, woyendetsa basi amazindikira mochedwa kuti kutsogolo kuli chinthu. Galasi lofiira likasweka n'kutsala babu loyera, zimasokonezanso: wakumbuyo amayesa galimoto ikubwera, pamene ikupita.

Ndipo galimoto yakale imafa panjira, tisanamizane. Mwambo wathu ndi wothyola nthambi n'kuziyala pamsewu. Masana zimathandizako. Usiku tsamba silinyezimira. Matirayango, aja apolisi amafunsa pa rodibuloko ife n'kumadandaula, ndi amene amabweza kuwala patali. Ikani imodzi kumbuyo ndi ina kutsogolo, motalikira ndithu, osati kutsamiritsa pa bampala. Yatsani mahazadi ngati batire likadali ndi moyo, kankhirani galimoto kunja kwa msewu, ndipo anthu atsike akaime kutali. Mukamachoka, chotsani nthambi ndi miyala imene munatsekera matayala. Mwala wosiyidwa pa tala usiku ndi msampha kwa wakabaza.

Zimene mungachite sabata ino

Walira mvula walira matope. Mwafuna galimoto yamgonagona, landirani ndi ntchito yake. Chosangalatsa n'choti zambiri mwa izi n'zotchipa kuposa sipika zimene munagula.

Madzulo, imikani galimoto, yatsani nyali zonse, muizungulire. Mnzanu aponde buleki inu muli kumbuyo. Yesani maindiketa mbali zonse. Pukutani magalasi a nyali, chifukwa fumbi la ku Chileka palokha limadya kuwala.

Kenako pezani malo athyathyathya oyang'anizana ndi khoma. Yezani kutalika kwa pakati pa nyali kuchokera pansi, mulembe mzere pakhomapo pa msinkhu womwewo. Bwererani m'mbuyo mamita 10, yatsani dimu. Malire a pamwamba a kuwala ayenera kukhala pansi pa mzerewo ndi masentimita 10 mpaka 15. Akakhala pamwamba, mukuthobwa anzanu. Akatsika kwambiri, mukuwunikira nyerere. Kumbuyo kwa nyali kumakhala masikuluwu osinthira. Eni mapikiapu, yesaninso mutasenza katundu, chifukwa kumbuyo kukalemera mphuno imadzuka ndipo dimu imasanduka fulu. Galimoto zina za ku Japan zili ndi kagudumu pafupi ndi chiwongolero kolembedwa 0, 1, 2, 3. Ntchito yake ndi yomweyo, kutsitsa nyali mukanyamula katundu.

Pitani kwa makaniko wa zamagetsi, osati aliyense wogwira sipanala. Ayeze mavoti amene akufika pa babu injini ikulira, ayerekeze ndi a pa batire. Akapeza kusiyana kwakukulu, atsuke polumikizira, akonze ethi, aike marilee kuti magetsi azichoka pa batire kupita ku nyali mwachindunji osazungulira pa switchi yokalamba. Ambiri amadabwa kuona kuti nyali zomwe zija zayamba kuona popanda kusintha babu. Fyuzi ikapsa, ikani fyuzi ina ya mlingo womwewo. Kuika waya kapena pepala la siliva la m'paketi ya fodya ndi kuitana moto.

Ngati galimoto ili ndi nyali zozungulira zija zomatiratu, zimene babu likapsa umataya yonse, zilipo zolowa m'malo mwake za kukula komweko zogwiritsa ntchito H4. Maonekedwe akale amakhalapobe, koma maso amakhala atsopano. Musaike mababu a mawati 100 pa mawaya opangidwira 55: amasungunula zolumikizira, amathobwanso anthu. Sungani babu lapadera ndi mafyuzi m'galimoto. Ndipo ngati zonsezi simunakonze, palibe manyazi kunena kuti galimoto iyi ndi ya masana. Ukwati uthe, zithunzi zijambulidwe, ikafike pakhomo dzuwa lisanalowe.

Za COF, tonse tikudziwa kuti pali ena amafuna njira yachidule kudzera mwa madobadoba kuti pepala lituluke galimoto ili pakhomo. Pepalalo lingakudutsitseni pa rodibuloko, koma siliwunikira msewu. Mukagunda munthu, mlandu wopha munthu chifukwa choyendetsa galimoto mosasamala ndi wanu, osati wa dobadoba. Apolisi adzayeza galimotoyo, a inshulansi adzafunsa mafunso awo, ndipo ku Mlambe kapena ku Queens kudzakhala banja likudikira pakhonde.

Nafenso oyenda pansi

Ambiri amene mukuwerenga izi pafoni mulibe galimoto, koma nkhaniyi ndi yanu kuposa wina aliyense. Munthu woyenda pansi amaona nyali za galimoto ili kutali, ndiye amaganiza kuti dalaivala nayenso wamuona. Ayi ndithu. Mutavala zakuda, mumaonekera mochedwa, nthawi zambiri galimoto itafika kale mkati mwa mamita 45 aja.

Yendani kumanja kwa msewu, moyang'anizana ndi galimoto zimene zikubwera. Valani chowala. Foni imene ili m'manja mwanuyo ili ndi tochi: yatsani, muilozetse pansi. Chotsani mahedifoni podutsa pa Lirangwe kapena Lunzu usiku. Apanjinga, karifulekita kofiira kumbuyo ndi kanyali kutsogolo mtengo wake sufika pa thumba limodzi la makala. Akabaza a njinga zamoto, nyali yakumbuyo si chokongoletsera, ndipo jekete lonyezimira likavalidwa ndi pasinjala wakumbuyo limaoneka bwino kwa amene akukutsatirani.

Apasinjala nafenso tili ndi pakamwa. Timadziwa kukangana ndi kondakitala pa chenji cha K200, koma minibasi ikanyamuka ndi diso limodzi timangoti zii, kuopa kuoneka ovuta. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Nenani. Akakana kumva, tsikani mudikire ina.

Kusunga galimoto yakale ndi chinthu chabwino. Ndi mbiri, ndi luso, ndipo kwa mabanja ambiri a ku Chileka ndi Lirangwe ndiyo imabweretsa ndiwo pakhomo. Koma ulemu wa galimoto yotere suli pa penti. Uli pa mayi amene akuyenda m'mphepete mwa M1 cha m'ma 7 koloko usiku, mwana kumsana, dengu pamutu, amene sakudziwa kuti galimoto ikubwerayo ndi ya 1972 kapena ya chaka chatha. Iye akungokhulupirira kuti mwamuona.